Mamendulo a Asilikari Oomba Malipenga ndi Ng'oma

Pakati pa zinthu zimene asilikari akale anabwera nazo kumudzi atatsiriza nchito yao panali tizitsulo tobulungira ta siliva, topacikidwa pa kansaru ka mawanga. Tizitsulo timeneti ndito ticha mamendulo. M'midzi yambiri ya kuno kwathu akalipobe, ena m'mabokosi pamodzi ndi zikalata zakale za msonkho, ena m'zitini kuseri kwa nkhokwe, ndipo ena anatayika pamene nyumba inagwa kapena pamene mwini wace anatsikira kuli cete. Koma ku maiko akutari, makamaka ku Britain, kuli anthu amene cikondwerero cao ndico kufunafuna mamendulo akale, kuwagula ndi ndalama zambiri, ndi kuwasunga monga cuma. Mwa osonkhanitsa amenewa alipo ena amene safuna mendulo ya ngwazi kapena ya kazembe wa nkhondo, koma mtundu umodzi wokha, ndiwo mendulo ya msilikari woomba lipenga kapena ng'oma amene anakhala pa nchito zaka zambiri wopanda mlandu. Mwezi uno tifuna kulongosola ciyambi ca mendulo imeneyi, ndi cifukwa cace anthu aifuna cotero, ndiponso cimene ife tiyenera kucita ikapezeka m'nyumba mwathu.

Nchito ya woimba pakati pa asilikari

Poyamba tidziwe kuti lipenga ndi ng'oma sizinalowe m'magulu a nkhondo cifukwa ca kukondweretsa makutu ai. Kale, mawailesi asanadze, liu la mkuru wa asilikari silinali kumveka pakati pa phokoso la mfuti, ndipo utsi wa wonga unali kubisa mbendera. Cotero lamulo lace linali kufika kwa anthu ace mwa kulira kwa ng'oma kapena kwa lipenga. Kunali kaombedwe kena kotanthauza kuti pitani patsogolo, kena kuti bwererani, kena kuti lekani kuombera, ndipo woomba akasokoneza, gulu lonse linali kugwa m'tsoka. Ife sitizizwa nazo zimenezi, pakuti mau akuti lipenga ngakale kuno, ndipo makolo athu anali kuomba nyanga ya nyama poitana amuna ku uzimba kapena pocenjeza mudzi kuti adani afika.

Ngakhale m'masiku a mtendere, tsiku lonse la msilikari linali kuyenda ndi lipenga. Ndilo linali kumdzutsa mbanda kuca, kumuitanira ku perete ndi ku cakudya, ndi kumuuza usiku kuti azime nyali. Kaombedwe ka madzulo kamene Angelezi akucha Last Post ndiko kamene kufikira lero kamveka pa manda a msilikari, ndiponso m'mwezi wa November pa tsiku lokumbukira akufa m'nkhondo. Cifukwa cace woomba lipenga anali kudzuka anzace ali m'tulo, nagona anzace atagona kale.

Ku Britain oimba ambiri anali kulowa usilikari akali ana a zaka ngati 14. Ambiri a iwo anali ana amasiye a asilikari, oleredwa m'masukulu monga ija inatsegulidwa ku Chelsea, mu London, m'caka ca 1803. Mwana wotere sanadziwa mudzi wina koma gulu lace la nkhondo, ndipo pofika zaka 35 anali atatha kale zaka 20 pa nchito. Nchito zace zonse sizinali zokoma. M'masiku amene asilikari olakwa anali kukwapulidwa, amene anali kugwira mkwapulo ndiwo oomba ng'oma, ndipo mwambo woipawu sunatheretu m'gulu la nkhondo la Britain kufikira 1881.

Kuwonjezera pa oomba malipenga ndi ng'oma za malamulo, kunalinso gulu la oimba nyimbo zenizeni, limene ticha bandi. Poyamba gulu liri lonse linali kudzipezera lokha mphunzitsi ndi zoimbira, ndipo panalibe kugwirizana. Anena kuti m'caka ca 1854, pa perete wamkuru ku Scutari m'dziko la Turkey, mabandi ambiri anayamba pamodzi nyimbo ya Mfumukazi, koma yense ndi mau aceace, kotero kuti akuru anacita manyazi pamaso pa alendo. Patapita zaka zitatu, mu 1857, anatsegula sukulu ya oimba a nkhondo ku Kneller Hall, pafupi ndi London, ndipo inaphunzitsa atsogoleri a mabandi pamalo pomwepo kufikira 2021.

Nkhondo ikabuka, anthu a bandi anali kuika pansi zoimbira zao ndi kunyamula macila otengera obvulala. Mmodzi wa iwo, Thomas Rendle, pa 20 November 1914, anakhala tsiku lonse pafupi ndi Wulverghem m'dziko la Belgium alikufukula anzace okwiririka m'maenje ndi kuwacotsa pakati pa zipolopolo. Cifukwa ca ici analandira Victoria Cross, mendulo yoposa onse a kulimba mtima. Pambuyo pace anasamukira ku South Africa, natsogolera bandi ku Cape Town, kumene anamwalira mu 1946. Koma oimba otere, amene mbiri yao inabuka tsiku limodzi, ngowerengeka. Unyinji wao unatumikira zaka ndi zaka osachuka, ndipo mendulo imene tinena pano ndiyo ya iwowa.

Ciyambi ca mendulo ya utumiki wautali

Kufikira nkhondo za Napoleon, mamendulo a ku Britain anali kupatsidwa makamaka kwa akuru a asilikari. Koma itatha nkhondo ya ku Waterloo ya 1815, boma linalamula mu 1816 kuti msilikari ali yense amene analipo alandire mendulo ya siliva, kuyambira kazembe kufikira kamnyamata koomba ng'oma, ndipo dzina la munthu yense linadindidwa m'mphepete mwa mendulo yace. Mwambo uwu wa kudinda dzina tiukumbukire, pakuti pa iwo patsamira nkhani yathu yonse.

Mu 1830 Mfumu William IV anakhazikitsa mendulo yatsopano, yosafuna kuti munthu aone nkhondo ai, koma kuti akhale nthawi yaitali ndi makhalidwe abwino. Msilikari woyenda pansi anayenera kutha zaka 21, ndi wa pa kavalo zaka 24. Mu 1870 anacepsa zakazo zikhale 18, ndipo zinakhala cotero kufikira 1977, pamene anazicepsanso zikhale 15. Mendulo yace njasiliva, ya mamilimita 36 m'mimba mwace. Kumbuyo kwace kuli mau a Cingelezi onena kuti iyi ndi mphotho ya utumiki wautali ndi makhalidwe abwino. Kumaso kwace poyamba kunali cithunzi ca zida za nkhondo zounjikidwa pamodzi, koma kuyambira masiku a Mfumu Edward VII, amene analowa ufumu mu 1901, anayamba kuikapo nkhope ya mfumu. Kansaru kace kanali kofiira konse, ndipo m'masiku a nkhondo ya 1914 anakaika mizere yoyera m'mbali kuti anthu asakayese ka Victoria Cross. Msilikari wamba anali kulandiranso mapaundi 5 pamodzi ndi mendulo.

Kuti munthu aiyenere, buku la gulu lace linayenera kuonetsa kuti sanatsutsidwe pa bwalo la milandu la asilikari, ndi kuti dzina lace silinali kupezekapezeka pakati pa oledzera ndi othawathawa. Asilikari okha anali kuiseka mendulo imeneyi, naicha mendulo ya mkate, kunena kuti mwini wace sanacite kanthu koma kudya mkate wa boma zaka 18, ndipo ena anali kuti ndiyo mphotho ya munthu amene zolakwa zace sizinagwidwe. Cinkana anaseka cotero, yense anali kuifuna. Ali yense amene anakhalapo pa nchito imodzi zaka zambiri adziwa kuti kulimba mtima kwa tsiku limodzi ndi kupirira kwa zaka 18 ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo sitinganene msanga kuti cobvuta koposa nciti. Akuru anati ng'oma yoliritsa sicedwa kung'ambika. Mendulo iyi inali ya ng'oma imene inalira monga mwa muyeso wace, mamawa ndi madzulo, kufikira mwini wace anamera imvi.

Mendulo imeneyi pakati pa asilikari a Keyala

Tsono tibwere kwathu. Pamene Harry Johnston anayamba boma ku Zomba mu 1891, asilikari ace oyamba anali Asikhi ocokera ku India pamodzi ndi ena a ku Zanzibar. Posacedwa analemba Atonga ndi Ayao, ndipo m'zaka zotsatira Angoni, Alomwe ndi Acewa analowanso. Asilikari a kuno anatumidwa kutari msanga: ku cisumbu ca Mauritius mu 1899, ndi ku nkhondo ya Ashanti, m'dziko limene lero licedwa Ghana, mu 1900. Pa 1 January 1902 magulu a kuno anaphatikizidwa ndi a ku Kenya ndi Uganda, nakhala King's African Rifles. Zilembo zitatu za dzinali, K.A.R., ndizo anthu athu anazisandutsa Keyala. Gulu loyamba ndi laciwiri anali a dziko lino, ndipo anali kudziwika ndi zisoti zao zakuda. Mu April 1903 ambiri a gulu laciwiri anaphedwa ku Gumburu m'dziko la Somaliland.

Keyala inatsata miyambo ya asilikari a Britain, cotero inali nao oomba malipenga ndi ng'oma, ndipo anthu okhala pafupi ndi kampu ya ku Zomba anazolowera kudziwa nthawi ndi kulira kwa lipenga. Mu 1907 boma linakhazikitsa mendulo ya utumiki wautali ya asilikari aciAfrika a Keyala. Inafanana ndi ija ya ku Britain, koma kumbuyo kwace anaonjezapo dzina la King's African Rifles, ndipo kansaru kace kofiira kanali ndi mzere wobiriwira pakati. Ukaona dzina la King's African Rifles kumbuyo kwa mendulo yotere udziwa kuti mwini wace sanali Mzungu. Asilikari otumikira nthawi yaitali anali kulandiranso ndalama potuluka, ndipo ena anakhululukidwa msonkho wa nyumba, cimene cinali cinthu cacikuru m'masiku amenewo.

Mamendulo amenewa ngosowa, ndipo cifukwa cace cipezeka m'mbiri ya Keyala yomwe. Boma linali kukuza gulu nkhondo ikadza, ndi kulicepsa nkhondo ikatha, kotero kuti anthu owerengeka okha ndiwo anatha kukhala zaka zambiri zosadukiza. Mu 1911 gulu laciwiri linathetsedwa pofuna kusunga ndalama, ndipo asilikari ambiri, posowa nchito, anaoloka malire nakalembedwa kwa Ajeremani ku Neu Langenburg, kumene lero kucedwa Tukuyu. Olemba mbiri anena kuti gulu limenelo la Ajeremani linafikira pa kuomba malipenga monga mwa kaombedwe ka Angelezi, cifukwa anthu ace anaphunzira ku Zomba. Ndipo pamene nkhondo inabuka mu 1914, nafika Ajeremani ku Karonga mu September, anthu amene anadyera mbale imodzi anapezeka mbali ziwiri. Pofika 1918 Keyala inakula kufikira magulu 22, ndipo dziko lino linapereka asilikari pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Nkhondo itatha, ambiri anabwezedwa kwao. Momwemonso zinacitika pa nkhondo ya 1939, imene inatengera anthu athu ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Tikumbukirenso kuti cikoti sicinaletsedwe pakati pa asilikari aciAfrika kufikira 1946. Munthu amene anapyola zonsezi, buku lace liri loyera, anali munthu wodziletsa ndithu.

Msilikari wotere kawirikawiri anali nao mamendulo ena pambali pa iyi, oonetsa nkhondo zimene anapitako. Pa mendulo ina ya nkhondo za mu Afrika anali kumangapo timipiringidzo ta siliva tolembedwa dzina la dziko ndi caka. Kamodzi ka timeneti kanalembedwa Nyasaland 1915, ndipo kanapatsidwa kwa amene anathira nkhondo John Chilembwe ndi anthu ace. Apa tiona kuti mendulo ndi mboni, ndipo mboni inena zokoma ndi zowawa zomwe. Mdzukulu wopeza kampiringidzo kameneka m'bokosi la agogo ace asakabise ndi manyazi, ndiponso asakanyadire mosaganiza, koma afunse kuti zinthu zinayenda bwanji kuti munthu wa dziko lino atumidwe kukagwira mnzace wa dziko lomweli.

Oomba malipenga a Keyala anasiya cizindikiro cina cimene sicisungidwa m'bokosi. Asilikari ndi amtengatenga pobwera kwao anabwera ndi mayendedwe a perete, ndipo m'zaka zimenezo magule a beni, malipenga ndi mganda anafalikira m'midzi: beni makamaka pakati pa Ayao, malipenga kwa Atonga ndi anansi ao a kumpoto, ndi mganda m'cigawo ca pakati. Posowa malipenga a mkuwa, anyamata anatenga zipanda, naboola, namatapo kansaru koyera ka kangaude kuti liu linjenjemere. Obvina beni kufikira lero abvala zobvala zonga za asilikari, ndi mamendulo odzipangira okha pa cifuwa. Cotero mwana amene sanaonepo mendulo yeniyeni waona cithunzi cace pa bwalo la gule.

Cimene osonkhanitsa afuna

Munthu angafunse kuti, Nanga mlendo wa ku London apindulanji ndi kacitsulo ka munthu amene sanamdziwe? Siliva wa m'mendulo imodzi ngwa mtengo wocepa. Cimene agula ndico dzina la m'mphepete. Pamenepo padindidwa nambala ya msilikari, udindo wace, dzina lace ndi gulu lace. Udindo ulembedwa mwacidule: Bglr ndiye woomba lipenga, Dmr ndiye woomba ng'oma. Popeza m'gulu la anthu mazana oimba anali owerengeka, mendulo yokhala ndi zilembo zimenezi isowa koposa ya msilikari wamba, ndipo cosowa ndico cikoka mtima wa wosonkhanitsa.

Akaigula, ayamba kulondola mapazi a mwini wace. Ku Kew, mu London, kuli nyumba yaikuru yosungira zikalata za boma la Britain, m'mene muli mabuku a maina a olandira mamendulo. Wosonkhanitsa atenga nambala ya pa mendulo, naifuna m'mabukumo, ndipo nthawi zina apeza kumene munthuyo anabadwira, caka cimene analowa, maiko amene anayendako, ndi tsiku limene anatuluka. Anthu otere anapanga bungwe lao mu 1942, lochedwa Orders and Medals Research Society, ndipo alembana ndi kusindikiza zimene apeza. Mamendulo agulitsidwa m'masitolo akale monga Spink ya ku London, ndi pa malonda opikisana mitengo, ndipo masiku ano pa intaneti.

Ali nao malamulo ao amene ifenso tingaphunzirepo. Mamendulo onse a munthu mmodzi ayenera kukhala pamodzi, pakuti akabalalika, mbiri yace yaduka, ndi mtengo wace utsika. Mendulo siitsukidwa ndi mcenga kapena phulusa, cifukwa kutero kufafaniza nkhope ya mfumu ndi zilembo za dzina, ndipo kuda kumene siliva acita ndi ukalamba sikuli cirema. Acenjeranso ndi onyenga, amene atenga mendulo ya munthu wamba, napala dzina lace ndi tupa, nalembapo dzina la munthu wochuka. Cikomekome ca nkhuyu m'kati muli nyerere. Cifukwa cace wogula wanzeru ayesa mendulo ndi muyeso, aone ngati m'mphepete mwace mwacepa, nayang'ana zilembo ndi galasi lokuza zinthu.

Tiyenera kunena zoona za anthu amenewa, kuti apulumutsa zambiri. M'zaka za 1979 ndi 1980 mtengo wa siliva unakwera kwambiri pa dziko lonse, ndipo mamendulo ambiri a nkhondo ya 1914 anasungunulidwa ndi ogula zitsulo, maina ao natayika pamodzi nao. Amene anagwa m'manja mwa osonkhanitsa anapulumuka. Koma palinso mbali yina. Mbiri ya msilikari wa ku England ipezeka m'mabuku ambiri, a kubadwa, a ukwati, a kalembera, kotero kuti mendulo yace ingayende kutari, mbiriyo niitsata. Sizitero ndi msilikari wa Keyala. Kawirikawiri analembedwa ndi dzina limodzi lokha, monga momwe Mzungu analimvera, ndipo ena analowa ndi dzina lacilendo losadziwika kumudzi. Zikalata zonena za yense payekha nzocepa. Cotero mendulo yace ikafika ku London, wogula aona nambala, dzina limodzi, ndi zilembo zakuti anali woomba lipenga, ndipo pamenepo njira yatha. Sadziwa mudzi wace, kapena pfuko lace, kapena kuti atabwera anaphunzitsa anyamata mganda, kapena kuti makutu ace anagontha m'ukalamba. Zimenezi zidziwika kumudzi kokha, m'mitima ya nkhalamba zimene zirikutha caka ndi caka.

Taonani tsono pamene pali bvuto. Wosonkhanitsa ali naco citsulo ndi mabuku, koma alibe anthu omdziwa mwini wace. Ife tiri nao anthu omdziwa, koma kawirikawiri sitiwerenga zimene zalembedwa pa citsulo, ndipo sitilemba zimene nkhalamba zinena. Pa cipilala ca ku Zomba akumbukira asilikari a Keyala amene anafa m'nkhondo. Koma munthu amene sanafe, amene anaomba lipenga zaka zonsezo nabwera kudzagwira khasu, alibe cipilala. Kwa ambiri otere, m'mphepete mwa mendulo ndimo mokha m'mene dzina lao linalembedwa pa cinthu cosaola.

Cimene tiyenera kucita

Cifukwa cace tipempha inu owerenga, amene mudziwa kulemba, kuti muyambe ndinu. Ngati m'banja mwanu muli mendulo, itengeni poyera, muizungulize pang'onopang'ono, ndi kulemba m'buku zilembo zonse ndi manambala onse a m'mphepete monga momwe ziliri, ngakhale zimene simuzimva. Mukapeza kuti palibe dzina, musataye mtima kapena kuiyesa yonama, pakuti mamendulo ambiri a nkhondo ya 1939 anaperekedwa opanda maina, ndipo pamenepo kulemba kwanu kufunika koposa. Lembaninso maonekedwe a kansaru, ndi mau a pa timipiringidzo ngati tilipo.

Mutatero, pitani kwa akuru a banja, amuna ndi akazi, muwafunse. Dzina lace la kumudzi linali yani, ndi la ku usilikari linali yani? Anali mwana wa yani, wa mudzi uti? Anapita liti, nabwera liti? Anali kuchula maiko ati? Anagwira mfuti, kapena lipenga, kapena ng'oma, kapena macila? Zimene wina anaona ndi maso muzilembe padera, ndi zimene anangomva muzilembe padera, ndipo pansi pace muike dzina la wonenayo ndi caka. Pepala limeneli likhale pamodzi ndi mendulo, m'kansaru kouma, kutari ndi cinyezi ndi ciswe. Aphunzitsi angathandize potuma ana a sukulu kukafunsa kwao, ndipo amene afika ku Zomba angafunsenso ku nyumba yosungira zikalata za boma.

Za kugulitsa sitiika lamulo, pakuti tidziwa kuti njala ndi matenda zifika pa khomo osaodira, ndipo munthu wogulitsa mendulo kuti mwana apite ku cipatala sitingamweruze. Koma tinena zitatu. Mendulo siiri ya munthu mmodzi amene aisunga, koma ya mbumba yonse, cotero abale apangane poyamba. Wogula woyendayenda amene ayesa mendulo pa sikelo monga citsulo cabe asapatsidwe, pakuti iye adzaisungunula kapena adzaigulitsa kwina ndi mtengo woposa kwambiri. Safunsa anadya phula. Ndipo ngati mendulo icoka ndithu, mapepala akhale awiri: limodzi lipite nayo, kuti wosunga watsopano adziwe mwini wace anali yani, ndi linzace litsale m'banja, pamodzi ndi cithunzi ca mendulo ngati nkutheka.

Keyala inatha pamene maiko a kuno analandira ufulu, ndipo mu 1964 gulu loyamba linasanduka Malawi Rifles. Amene anaona nkhondo ya 1914 anatha onse, ndipo a nkhondo ya 1939 atsala owerengeka. Koma ana ndi adzukulu ao, amene anamva nkhani zao pa moto madzulo, akali ndi ife. Nchito ya kufunsa ndi kulemba njotheka caka cino, ndipo siifuna ndalama koma pensulo ndi masana amodzi. Tikazengereza, mamendulo adzakhalapobe, pakuti siliva saola, koma sipadzakhala munthu wotiuza kuti mwini nambala ija anali yani.